Mnyamata avalenji m'kati mwa suti yobirira m'madzi?



Mwezi uno tinakonza zolemba za anankafumbwe ndi kasungidwe ka chimanga, poti ndiyo nyengo yake. Koma tasintha maganizo. Za nkhokwe zidikire kaye, chifukwa pali nkhani ina yomwe yatigwera pakhomo penipeni, ndipo tikapanda kuiyamba ife achikulire palibe mnyamata amene angaiyambe. Ndi nkhani ya kabudula wam'kati. Eya, mwawerenga bwino. Tikudziwa wina aseka n'kunena kuti Shehe akalamba, asowa cholemba. Sekani ndithu, koma muwerenge mpaka kumapeto, makamaka inu amene muli ndi mwana kapena mkamwini amene amapeza chakudya pobira pansi pa madzi.

Kubira si kwachilendo kwathu kuno. A nkacha a ku Malombe akhala akubira kukamanga khoka kunsi, atangovala kabudula basi. Koma kubira kwawoko n'kwa kanthawi, mpweya wa m'chifuwa ukatha munthu wavuuka. Masiku ano kuli ntchito zina. Kuli ogwira mbuna zamoyo zotumiza kunja, monga aja a ku Senga Bay. Kuli operekeza alendo kukaona nsomba ku Cape Maclear, ku Nkhata Bay ndi ku Likoma. Kulinso oyendera maukonde a makheji oweteramo chambo ku Mangochi. Amenewa amakhalitsa pansi pa madzi ndi mpweya wa m'mabotolo kapena wa paipi, ndipo amavala chovala chakuda chothina chija chotchedwa wetsuit, chomwe anyamatawo amangoti suti.

Mphwathu, mwana wa mlongo wathu, anapeza ntchito yotereyi kwa bwana wina wa maboti mwera utangoyamba. Tinakondwa tonse, Alhamdulillah, poti mnyamatayu anakhala nthawi yaitali akungozungulira padoko. Patatha masabata atatu anabwera kumudzi akuyenda miyendo ili patalipatali ngati wangotuluka ku ndagala dzulo. Pa swala ya Ijumaa anaima mzere wakumbuyo, pokhala pansi akuchita kutsamira khoma. Titamufunsa anangoti, "Palibe kanthu Malume, n'kutopa chabe." Nkhani inatulukira kwa mkazi wake. Mkaziyo anauza apongozi ake, mlongo wathuyo n'kudzatiuza ife usiku mochita kunong'ona ngati ndi mlandu wa kwa mfumu.

M'mphechepeche monse munali mutasupuka, zilonda zamadzimadzi mbali zonse ziwiri, m'mbali mwake muli chipere. Kuchipatala anamupatsa mankhwala opaka n'kumuuza kuti asalowe m'madzi mpaka ziume. Masabata awiri ali pakhonde. Ntchito yake ndi yolipidwa pa tsiku, ndiye tsiku losabira ndi tsiku lopanda kanthu. Ndalama yomwe ankati agulire feteleza wa kudimba inathera pomwepo. Akanachedwa sabata ina, malo ake akanatenga wina, paja padoko ofuna ntchito ndi ambiri kuposa masuti.

Titakhala naye awiriwiri kuseri kwa khola tinamufunsa mosapsatira.

"Kodi iwe, m'kati mwa sutiyo umavalamo chiyani?"

Anayang'ana pansi kaye. "Bokosa, Malume. Ndiye pamwamba pake kabudula wamatumba uja."

"Zonse ziwiri?"

"Eee. Timavulira m'boti momwemo, pali anthu, nthawi zina azimayi achilendo. Ndimaopa kuoneka."

Mwaonatu? Mwanayu mtima wake unali pabwino. Chinamupweteka ndi ulemu womwe tinamuphunzitsa ife tomwe ku madrasa, kungoti tinamuphunzitsa theka. Tinamuuza kuti mwamuna abise kuyambira pamchombo mpaka m'mawondo, koma sitinaganizepo kuti tsiku lina adzafunika kubisa malo amenewa m'kati mwa labala wothina, m'madzi, kwa maola angapo. Bwana wake naye anangomuponyera suti n'kuti vala. Anzake aja aliyense ali ndi zilonda zake, aliyense ali chete.

Kuti timvane, tiyambe taona mmene sutiyi imagwirira ntchito, chifukwa ambiri amaiyesa ngati jekete la mvula. Ayi. Siitchinga madzi. Imapangidwa ndi labala wofewa wotchedwa neoprene, yemwe kampani ya DuPont ya ku America inatulukira mu 1930, ndipo amene amatchulidwa kuti anayamba kupanga suti yake ndi katswiri wa sayansi Hugh Bradner wa ku California, cha mu 1952. Labalayu ali ngati siponji, koma timabowo take n'totsekeka ndipo tili ndi mpweya m'kati. Timabowo timeneti ndi timene timatchinga kutentha kwa thupi kuti kusathawire m'nyanja. Madzi pang'ono amalowa ndithu, kudzera m'khosi, m'manja, m'miyendo ndi pazipi. Thupi limawatenthetsa madziwo, ndipo akakhazikika osatuluka munthu amakhala bwino. Vuto limabwera pamene madzi otenthawo akutuluka, ozizira n'kumalowa, mobwerezabwereza. Apo thupi limakhala ngati mayi amene akusonkhezera moto pansi pa mphika wobooka.

Wina afunsa kuti kodi nyanja yathu yofundayi n'kuvaliranso suti? Madzi a pamwamba m'nyanja ya Malawi amafika madigiri 28 kapena 29 nthawi yotentha, n'kutsika kufika cha pa 23 kapena 24 nthawi ya mwera. Thupi la munthu lili pa 37. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira maulendo oposa 20 kuyerekeza ndi mpweya. Posamba mphindi khumi sumva kanthu, koma khalamo ola lathunthu osavuuka, kawiri kapena katatu pa tsiku, mu Julaye, uona mano akugundana. Komanso ukamatsika, labala uja amapsinjika n'kupyapyala. Pa mamita 10 kupsinja kumakhala kowirikiza kawiri kuposa pamtunda, ndiye suti imafunditsa mochepa pamalo pomwe ukuifunitsitsa. N'chifukwa chake kuno ambiri amavala ya mamilimita 3, ndipo iyenera kumata thupi ngati khungu lachiwiri.

Tsono taganizani chimene chimachitika ukalowetsa bokosa yathonje pansi pa chinthu chomata choncho. Povala pomwe, suti imakoka bokosayo kukwera nayo m'mwamba, miyendo yake n'kukulungika ngati chingwe cha khonje, n'kukakhala m'mphechepeche mwenimweni. Sungalowetsenso dzanja kuti uikonze, zipi yatsekedwa kumsana. Thonje limamwa madzi, limalemera, ndipo likanyowa limakhakhala. Khungu nalo likakhalitsa m'madzi limafewa, amayi ochapa kunyanja akudziwa mmene zala zimachitira. Ndiye munthu akupalasa miyendo, kupalasa kulikonse chingwe chija chikucheka pamalo amodzimodzi. Ife a kumunda tikudziwa za goli losasemedwa bwino pakhosi pa ng'ombe. Tsiku loyamba ubweya umangothothoka, lachitatu pali bala. N'chimodzimodzi.

Akatuluka m'madzi vuto silinathe. Suti wavula, koma bokosa yonyowa ija ali nayobe, wavala thalauzi pamwamba pake, akudya nsima, akudikira ulendo wachiwiri. Thonje siliuma msanga, makamaka pamalo obisika. Pofunda, ponyowa, pakhungu losupuka kale, chipere chimapeza dimba lothirira.

Kabudula wamatumba uja, kapena wampira wotaya, ndiye woipa kuposa. Nsalu yake ndi yambiri, ilibe kopita, imangopindikapindika. Mapindo amenewa amatukula labala n'kusiya tinjira tomwe madzi ozizira amayendamo, ndiye wavala ziwiri koma ukuzizidwa kuposa amene wavala chimodzi. Mfundo ya chingwe cha m'chiuno imadinda pamimba. Batani, zipi yachitsulo ndi kansalu komata kaja zimakanda munthu komanso zimang'amba suti cham'kati. M'matumba mumalowa mchenga, ndipo mchenga pakati pa nsalu ndi khungu lonyowa ndi tupa weniweni. Mphwathu anati tsiku lina anabira ndi makiyi m'thumba osadziwa, chidindo chake anakhala nacho pantchafu masiku atatu.

Kuli gulu lina lomwe limati njira ndiyo kusavala kalikonse m'kati. Tisawanamizire, pa nkhani ya kumata kwa suti akunena zoona. Palibe chopindika, palibe chokulungika, ndipo kunja kuli anthu ambiri osewera pa mafunde amene amachita choncho. Koma amenewo suti ndi yawoyawo, anagula ndi ndalama zawo, savalitsana ndi munthu. Anyamata athu sali choncho. Suti ndi ya bwana, yapachikidwa m'sitolo, lero wavala uyu mawa uyo. Ina inasiyidwa ndi mlendo, ina inatuluka m'belo la kaunjika, eni ake oyamba sitiwadziwa. Chipere chimayenda pa zovala ndi mathaulo obwerekana. Kodi ndani mwa ife angabwereke kabudula wam'kati wa mnzake, wosachapa, n'kuvala? Nanga suti yovalidwa pathupi lopanda kanthu ikusiyana pati? Kuonjezera apo, misoko ya m'kati mwa suti yakale imauma n'kumakanda, ndipo zipi ikaphulika uli pakati pa anthu ulibe pothawira. Za kuvulira m'boti tanena kale. Njira imeneyi ife tikuikana.

Chimene tikuona kuti n'choyenera ndi ichi. Mwamuna avale kabudula mmodzi yekha, wopyapyala, wothina, wa nsalu yotanuka ya nayiloni kapena poliyesita, yopanda thonje. Ndi aja anyamata ampira amavala kunsi kwa kabudula wa yunifomu, omwe amati thaiti, kapena aja a mpikisano wosambira ofika m'mawondo. Akhale wopanda matumba, wopanda batani, wopanda zipi, lamba wake wa m'chiuno wotambalala ndi wosalala. Nsalu yotereyi siimwa madzi ambiri, imauma msanga ukangoima pamphepo, ndipo poti ndi yoterera, suti imatsetsereka pamwamba pake m'malo moikoka. Kukhulana kumachitika pakati pa labala ndi nsalu, khungu lili phee.

Akhale wautali, kuyambira pamchombo mpaka kuphimba mawondo. Apa ubwino wa thupi ndi zomwe tinaphunzira ku madrasa zakumana pamodzi, sitinachite kuzikakamiza. Kathaiti kakafupi kothera pakati pa ntchafu kamakonda kukwera, ndipo m'mphepete mwake ndi momwe mumacheka. Wautali amagwira mwendo wonse, sakwera, amatetezanso kuseri kwa bondo komwe suti imapindika kwambiri. Akunja ambiri amavala kapanti kakang'ono kosambirira kaja, ndipo m'kati mwa suti kamakhala bwino ndithu, sitikutsutsa. Koma mwana wathu akavula suti m'boti atsala ndi chiyani? Ndiye bwanji osangogula wautali, n'kupha mbalame zonse ndi mwala womwewo.

Sitikunena zinthu za m'mashopu a mumzinda ayi. Pa kaunjika wa pa Mangochi, pa Monkey Bay, pa Salima kapena pa Nkhotakota mathaiti amenewa amapezeka, nthawi zambiri ali m'mulu wa zovala zamasewera. Posankha, kokani nsaluyo muone ngati ikubwerera. Ikakhala yotopa, yosabwerera, isiyeni, idzakulungika ngati bokosa yomwe ija. Iyang'aneni padzuwa mutaitambasula, ngati dzanja likuonekera ndiye kuti ikanyowa idzaonetsa zonse, tengani yakuda yochindikala pang'ono. Mukapeza ya okwera njinga, ili ndi kasiponji pansi, kasomoleni kasiponjiko chifukwa kamasunga madzi. Kansalu ka dzina la kampani kakumbuyo kaja kaduleni. Misoko ikakhala yotukuka, valani chotembenuza kuti msoko uyang'ane ku labala. Palibe akuonani m'katimo. Ndipo ichapeni ndi sopo, iume padzuwa, musanaivale koyamba.

Mugule ziwiri. Imodzi ikakhala pathupi ina ili pachingwe. Amene wagula imodzi amavala yonyowa m'mawa, ndipo sabata isanathe wabwerera pomwe anachoka.

Tikudziwa pali akuluakulu anzathu amene atifunse pambuyo pa swala kuti, "Shehe, inu nomwe mumadzudzula anyamata ovala zothina pamsika, lero mukuwagulira thaiti?" Funso labwino. Yankho lathu n'lakuti pamsika ndi pansi pa nyanja ndi malo awiri osiyana. Zomwe tinaphunzira kwa mashehe athu n'zakuti choyamba khungu la pakati pa mchombo ndi mawondo lisaoneke. Chovala choonetsa maumbidwe a thupi si chabwino kuyenda nacho pagulu, izo sitinasinthe. Koma suti yeniyeniyo ndi yothina kale, ndipo singagwire ntchito mwanjira ina. Thaiti si yoyendera padoko kapena kukagulira mandasi. Ndi yoti pamene suti ikutsika m'chiuno, munthu asakhale pambalambanda. Akangoivula amange thaulo lalikulu kapena nsalu m'chiuno, asinthire m'kati mwa nsaluyo, avale zouma. Nsalu imeneyi izikhala m'chikwama chake tsiku lililonse ngati mmene mlimi sasiya khasu. Ndi zomwe mphwathu ankafuna kuchita ndi makabudula ake awiri aja, kungoti iyi ndi njira yosatulutsa magazi.

Kumtunda kwa thupi nkhani ndi yomweyo. Malaya athonje kapena vesiti m'kati mwa suti zimakulungika m'khwapa ndi pamsana. Amene suti imamukanda m'khosi, m'khwapa kapena pa mawere avale kamalaya kothina ka nsalu yoterera yomwe ija, komwe obira amati rash vest. Jezi yampira yothina bwino imathandizako ngati palibe china, koma yotaya ayi. Amene suti siimukanda kumtunda asavale kanthu, palibe chomukakamiza.

Tsopano tifike pa nkhani yomwe ngakhale mphwathu anakana kuiyankha mpaka tinachita kuseka tonse. Munthu akakhala m'madzi nthawi yaitali, mkodzo umamupeza msanga. Si ulesi kapena kusaleredwa bwino. Kuzizira ndi kupsinja kwa madzi kumakankhira magazi kuchoka m'miyendo ndi m'manja kupita m'chifuwa, thupi limayesa ngati madzi achuluka, impso n'kuyamba kutaya. Ndiye ambiri amangotayira m'suti momwemo, ena mpaka amati zimafunditsa. Tinene zoona zake, zimachitika. Koma mkodzowo sutuluka msanga, paja suti inapangidwa kuti isunge madzi. Umakhala pakhungu, umawawitsa pomwe pasupuka, ndipo fungo lake limakanirira mu labala. Ichi ndi chifukwa chinanso chomwe tikukanira kuvala suti yobwerekana pathupi lopanda kanthu.

Ena pofuna kupewa zimenezi amasiya kumwa madzi m'mawa. Musatero. Ophunzitsa kubira amalimbikitsa kumwa madzi okwanira, chifukwa thupi louma silipirira bwino ntchito ya pansi pa madzi. Chofunika n'kupita kuchimbudzi musanavale suti, ndiponso pakati pa maulendo. Pali chifukwa china chachikulu kuposa fungo. Likodzo limafala pamene munthu wodwala akodzera m'madzi, mazira ake n'kukaswa, tizilombo n'kulowa mu nkhono, kenako n'kutuluka kudzaboola khungu la wina. Madera ngati a Cape Maclear amadziwika ndi vutoli. Ndipo pasapezeke wonamiza anyamata kuti suti imateteza likodzo. Madzi amalowa m'kati, tanena kale. Wobira aliyense azikayezetsa, ndipo mankhwala ake, praziquantel, amapezeka m'zipatala zathu.

Kwa ife oswali nkhaniyi ili ndi mbali inanso. Mkodzo ndi najisi, ndipo nthawi ya Dhuhr imakupeza uli kuntchito. Amene zamuchitikira asaswali ndi thaiti yomweyo ati poti yauma. Avule, atsuke thupi ndi madzi oyera, avale zouma zomwe anabwera nazo, achite udhu. N'zosavuta ngati uli ndi chosinthira m'chikwama. Zimavuta kwa uja amene bokosa yomwe wabira nayo ndi yomwenso apite nayo kunyumba.

Ana athu ena sali panyanja yathu ino. Ali ku Joni, ndipo alipo amene anafika mpaka ku Cape Town n'kupeza maganyu a m'madzi. Nkhani ino imawafika pa foni, ndiye tiwapatseko mawu awiri. Madzi a kumeneko, mbali ya Atlantic, amatsika mpaka madigiri 12 kapena kucheperapo, theka la a kwathu kuno. Masuti ake ndi a mamilimita 5 kapena 7. Munthu wochokera ku Mangochi akalowa m'madzi otero maganizo oyamba ndi oti avale juzi m'kati. Musayerekeze. Juzi imamwa madzi, imatukula suti, imakupanikiza pachifuwa mpaka kupuma kumavuta, ndipo ukatuluka pamphepo imakuziziritsa kuposa. Chofunditsa m'kati mwa suti ndi kavesiti ka labala yemweyo, makamaka kokhala ndi chipewa chake, chifukwa kamatsekanso madzi olowera m'khosi, kapena kamalaya kothina kaubweya wa pulasitiki kopangidwira ntchito imeneyi. Koma suti ikhale ndi malo ake. Ngati inali yothina kale, kuonjezera china m'kati n'kudzimanga wekha. Kumunsi lamulo silisintha, thaiti imodzi yopyapyala.

Tibwerere kwathu. Pali chinthu chomwe thaiti singakonze, ndicho suti yosakwana. Masuti ambiri amene amafika kuno anasokedwera anthu a matupi ena, aatali, a mimba zawo. Mnyamata wathu wowonda akavala, pamsana ndi pakati pa miyendo pamatsala thumba. Ndiye ena amadzaza makabudula ndi malaya kuti ikwane. Kumeneko n'kutseka chibowo cha ngalawa ndi udzu. Suti yokwana imamata paliponse, m'khwapa, pamsana, kuseri kwa mawondo, koma munthu n'kumatha kupuma mokoka ndi kutukula manja. Povala, thaiti ikhale yokwezedwa bwino ndi yosalala kaye. Suti muikweze pang'onopang'ono kuyambira kumapazi, ifike bwinobwino pakati pa miyendo musanalowetse manja. Ikalendewera pamenepo ndiye gwero la kukhulana, ngakhale mutavala thaiti yabwino chotani. Kokani ndi nsonga za zala, osati zikhadabo, labalayu amang'ambika msanga. Phazi likamakanirira, livekeni jumbo, lidutsa ngati mlamba, koma jumboyo ibwerere m'chikwama, isatsale m'nyanja.

Za mafuta. Mphwathu atayamba kumva kuwawa ankapaka Vaseline wambiri m'mphechepeche asanavale. Pakhungu amathandizadi kuterera, koma opanga masuti amachenjeza kuti mafuta a mtundu umenewu amaononga labala ndi guluu wa m'misoko. Suti si yako, ukaiononga ndi mlandu wina. Pakani madzulo mutasamba ndi kuuma, ndipo ngati pali chipere, mafuta wamba sachiza, pitani mukalandire mankhwala ake. Musathire mankhwala ochapira mbale, phulusa kapena madzi a batire pa bala ngati mmene ena amachitira ndi zipere za m'mutu. Malo amenewa ndi ofewa.

Mawu athu omaliza apite kwa eni maboti ndi makampani, poti ena mwa inu timaswali limodzi. Mumagula injini ya ndalama zambiri, mabotolo a mpweya, masuti. Kodi mathaiti awiri a mnyamata aliyense ndi amene angakugwetseni? Mnyamata mmodzi akagona masabata awiri, ntchito yanu yomwe imaima. Ngati simungagule, muuzeni tsiku loyamba lomwe kuti agule chiyani, musamusiye aphunzire ndi zilonda. Masuti azitsukidwa ndi madzi oyera tsiku lililonse, kamodzikamodzi ndi sopo wofewa, atembenuzidwe, aume pamthunzi. Padzuwa labala amauma n'kusweka. Asaunjikidwe onyowa pansi pa boti mpaka mawa. Ngati n'kotheka lembani nambala, aliyense azidziwa yake. Ndipo kansalu kotchinga pakona ya boti kapena kachisakasa padoko kosinthiramo sikafuna ngongole ya kubanki.

Ndipo inu atsibweni ndi abambo anzathu, mwana akayamba ntchito imeneyi mufunseni funso lomwe ife tinachedwa kufunsa. Sayamba yekha, manyazi ndi aakulu. Ife zinatitengera masabata atatu, mkazi wake, ndi mlongo wathu kuti timve chinthu chomwe tikanachikonza ndi ulendo umodzi wa kumsika.

Mphwathu anabwerera kuntchito zilonda zitauma. Tsiku la msika tinapita naye tokha pa kaunjika, ife ndi mkanjo wathu ndi chipewa, tikutambasula mathaiti padzuwa mmodzimmodzi. Mayi wogulitsayo anadabwa mpaka anafunsa kuti, "Shehe, mwayamba mpira?" Tinatenga awiri akuda ofika m'mawondo ndi thaulo limodzi lalikulu. Pano watha mwezi ndi theka akubira osadandaula, ndipo anzake atatu anamutuma kuti akawasankhire awo.

Za anankafumbwe tikumana mwezi wamawa, Insha Allah. Pakadali pano chimanga chiume bwino musanathire mankhwala.

Wassalaam alaikum.